Kuchoka ku Hicks Street Kukafika ku York Street: Kufunafuna Sukulu ya Mwana ku Brooklyn

Munthu akatsika sitima yapansi panthaka pa Clark Street n'kutulukira kunja, amapezeka ali ku Brooklyn Heights, limodzi mwa madera odula kwambiri mumzinda wa New York. Misewu yake ndi yaing'ono, ya mitengo uku ndi uku, ndipo nyumba zake ndi zakalekale, za miyala yofiirira, zogundanagundana, iliyonse ndi masitepe ake okwerera pakhomo. Mu 1965 derali linakhala loyamba mumzindawu kutetezedwa ndi lamulo kuti maonekedwe a nyumba zake asasinthidwe. Kuchoka pano kukafika ku Farragut Houses, nyumba za boma zokhalamo anthu opeza movutikira, ndi ulendo wapansi wosakwana theka la ola. M'njiramo muli sukulu ziwiri za pulayimale za boma, P.S. 8 ndi P.S. 307, zomwe zinautsa mkangano womwe unamveka mpaka kutali ndi Brooklyn.

Ndinayenda mtunda umenewu m'nyengo yozizira pamodzi ndi mlongo wanga. Iye ndi namwino, ndipo amakhala m'chigawo cha sukulu chomwecho, chotchedwa District 13, kungoti nyumba yake ili chakutaliko, kumene lendi imapiririkako. Ku New York mwana amayamba kalasi ya kindergarten m'chaka chimene akukwanitsa zaka zisanu, ndipo mwana wake wamkazi wafika msinkhu umenewo. Makolo amalemba pa intaneti mndandanda wa sukulu zomwe akufuna, kuyambira imene aikonda koposa, n'kudikira yankho. Kwathu nkhani ya mwana sithera kwa mayi ndi bambo okha, malume amamvako. N'chifukwa chake anandiuza kuti, "Achimwene, tiyeni mukaone ndi maso anu, musadzanene kuti ndinakutayirani mbumba kuno kuchilendo."

Tinayamba ndi kulowera kummwera. Pa Pierrepont Street pali Saint Ann's School, yomwe inatsegulidwa mu 1965 ndipo imadziwika ndi mwambo wake wosapereka malikisi kwa ana, aphunzitsi amangolemba lipoti la mawu. Chapafupi, pa Joralemon Street, pali Packer Collegiate Institute, yomwe inayamba mu 1845 ndipo nyumba yake ungaiyese tchalitchi. Zonsezi ndi za pulayiveti, ndipo sukulu za mtundu umenewu kuno zimalipiritsa madola opitirira 50,000 pachaka mwana mmodzi. Zimathandizako mabanja ena osakwanitsa, koma malo otero ndi ochepa ndipo olimbirana ndi ambiri. Mlongo wanga anangoponya diso pachipata, osachepetsa n'komwe liwiro. Kwa iye, monganso kwa makolo ambiri a mumzindawu, nkhani yeniyeni ili pakati pa sukulu za boma zokhazokha: imene ili ndi mbiri yokhoza bwino, ndi imene ili ndi ana a mitundu yonse koma mbiri yake pa intaneti ndi yosasangalatsa.

Tinatulukira pa Promenade, khonde lalitali loyang'ana mtsinje wa East River ndi nyumba zosanja za Manhattan. Pansi pa mapazi pamamveka kunjenjemera, chifukwa kunsi kwa khondelo kumadutsa msewu waukulu wa Brooklyn-Queens Expressway. Pamene msewuwu unkakonzedwa, m'nthawi ya Robert Moses, anthu a ku Brooklyn Heights anakana kuti udule pakati pa dera lawo, ndipo anamvedwa: unalambalala m'mphepete, pamwamba pake n'kuikapo malo okongola opitidwa mphepo. Madera ena oyandikana nawo sanamvedwe, msewuwo unawang'amba pakati. Zimenezi n'zofunika kuzidziwa tisanafike pa sukulu iliyonse, pakuti mawu amene anapatutsa msewu ndi omwewonso amamveka msanga nkhani ikakhala ya malire a sukulu.

Tinabwerera kumpoto kutsata Hicks Street. Pa Orange Street tinadutsa Plymouth Church, kumene m'busa Henry Ward Beecher ankalalikira modzudzula ukapolo, ndipo akapolo othawa ankabisidwa pa ulendo wawo wofuna ufulu. Titayenda pang'ono tinafika pa P.S. 8, yomwe kale inkatchedwanso Robert Fulton School. Inali nthawi yolowa m'kalasi. Msewu unadzaza ndi ana ovala majekete okhuthala ndi zipewa zaubweya, ena pa tinjinga topalasa ndi mwendo umodzi. Ambiri anali azungu. Nkhope zakuda zomwe ndinaona pakati pa akuluakulu zambiri zinali za amayi olera ana a eni, akukankha timagaleta ta makanda, ena akulankhula Chingerezi cha ku zilumba za Caribbean. Makolo ankapatsana moni ngati anthu odziwana kale, makapu a khofi ali m'manja. Panalibe chonyansa chilichonse pamenepo: ana osangalala, makolo osamala, sukulu yooneka kuti ikuyenda bwino.

Sukuluyi sinali yotchuka chikhalire. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mabanja ambiri a m'derali ankaipewa, m'makalasi muli malo osowa okhalapo. Kenaka utsogoleri unasintha, mabanja opata anayamba kulowetsa ana awo, ndipo pofika 2015 inali itadzaza moti ana pafupifupi 50 a m'dera lake lomwelo anaikidwa pamndandanda wodikira malo a kindergarten. Malo ake anali omwewo, boma lake lomwelo. Chimene chinasintha kwambiri ndi ana amene ankalowa pachipata.

Titaima tsidya la msewu, mlongo wanga anatulutsa foni n'kundionetsa chimene chimamusowetsa tulo. Bungwe la GreatSchools limapatsa sukulu iliyonse ya boma nambala kuyambira 1 mpaka 10, ndipo nambalayo imaoneka ngakhale pa masamba ogulitsira nyumba monga Zillow, moti anthu amasankha kokhala poiyang'ana. Mayi wobwera ku ntchito ya usiku ali wotopa, akaona 9 pa sukulu ina ndi 4 pa inzake, amamva ngati nkhani yatha. Koma nambala imeneyi imatsamira kwambiri pa mayeso a boma a Chingerezi ndi masamu, omwe ana a ku New York amayamba kulemba ali mu giredi 3. Za mphunzitsi amene adzalandire mwana wa zaka zisanu pakhomo, nambalayo ilibe mawu. Komanso zotsatira za mayeso zimatsata kwambiri chuma ndi maphunziro a makolo. Lipoti la Coleman la mu 1966 linaonetsa kale kuti kumene mwana akuchokera ndiponso anzake ophunzira nawo zimalemera kwambiri pa kakhozedwe kake. Mu 2019 atolankhani a Chalkbeat atafufuza manambala a GreatSchools anapeza kuti amakonda kukwera kumene kuli ana ambiri a azungu, a ku Asia ndi a mabanja opata, ndipo amatsika kumene kuli ana akuda, a Chilatino ndi osauka. Mu 2020 bungwelo linasintha kawerengedwe kake kuti kaganizire kwambiri za kupita patsogolo kwa ana.

Kuyeza sukulu ndi malikisi okha kuli ngati kuyamikira mlimi powerenga matumba osafunsa ngati analima padimba kapena pamchenga. Ife a ku Malawi tikuzidziwa bwino zimenezi. Sekondale za national zimatenga ana okhoza koposa pa mayeso a Sitandade 8, ndiye zikakhozetsa pa MSCE timaziombera m'manja, osafunsa za mphunzitsi wa pa CDSS amene anatenga mwana wofooka n'kumufikitsa pokhoza. Funso loyenera ndi lakuti mwana analowa akudziwa chiyani ndipo watuluka akudziwa chiyani. Katswiri wa pa yunivesite ya Stanford, Sean Reardon, atafunsa funso limeneli mu 2017, anapeza kuti ana a m'sukulu za boma za ku Chicago, omwe malikisi awo anali otsikirapo, ankaphunzira za zaka zisanu ndi chimodzi m'zaka zisanu zokha, kuposa ana a m'madera ambiri olemera.

Kuchoka pa P.S. 8 msewu umatsetsereka. Tinadutsa pansi pa mlatho wa Brooklyn Bridge, womwe unatsegulidwa mu 1883, n'kulowa ku DUMBO. Kale kuno kunali mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu wa m'sitima zapamadzi. Njanji zakale zikuonekabe pakati pa miyala yoyalidwa mumsewu, koma m'nyumba zimenezo tsopano mumakhala anthu olemera, ndipo pansi pake pali masitolo a zovala zodula ndi malo omwera khofi. Pa Washington Street alendo anali mbwee, kujambulitsa zithunzi mlatho wa Manhattan Bridge uli kumbuyo kwawo. Sitima ikamadutsa pamwamba pa mlathowo phokoso lake limadula nkhani, mumangoyang'anana mpaka ithe.

Ana a m'nyumba zimenezi ndi amene anali pakati pa mkangano uja. Kale DUMBO ndi dera laling'ono loyandikana nalo la Vinegar Hill zinali m'malire a P.S. 8. Sukuluyo itadzaza, akuluakulu a zamaphunziro anaganiza zosuntha malire kuti ana atsopano a madera awiriwa azipita ku P.S. 307, yomwe inali ndi malo ndipo kwa ambiri a iwo inali pafupi. Pa nthawiyo ana pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse a pa P.S. 307 anali akuda kapena a Chilatino, ambiri ochokera ku Farragut Houses. Misonkhano inatentha. Makolo ena a ku DUMBO ankaloza malikisi otsika n'kumati anagula nyumba zawo akudziwa kuti ana adzapita ku P.S. 8. Chimene ambiri sanayembekeze n'chakuti makolo a ku Farragut nawonso anali ndi nkhawa yawo. Iwo anaona mmene sukulu zimasinthira eni ake anthu andalama akafika ambiri: komiti ya makolo imalandidwa, zofuna za obwera zimayamba kutsogola, ndipo pakapita zaka ana a eni nthaka amasowa malo pa sukulu yomwe anaipirira pamene wina aliyense ankainyoza. Mu Januwale 2016 khonsolo ya makolo ya District 13 inavomereza malire atsopanowo ndi mavoti 6 kwa 3.

Pa Jay Street pali siteshoni ya York Street ya sitima ya F. Mukaidutsa n'kulowera kummawa, mzinda umasintha nkhope musanayende n'komwe mtunda wautali. Masitolo odula aja amatha. Kutsogolo kumaoneka nyumba khumi zitalizitali za njerwa zofiira, zofanana zonse, pakati pake pali kapinga, mabenchi ndi mabwalo a basketball. Amenewa ndiwo Farragut Houses, omwe anamalizidwa mu 1952 moyandikana ndi Brooklyn Navy Yard, doko lopangira sitima zankhondo lomwe pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse linkalemba ntchito anthu pafupifupi 70,000. Mu 1966 boma linatseka dokolo, ntchito zinapita, ndipo amene anali ndi kothawira anasamuka. Otsala anatsala ndi umphawi womwe sanaupange okha. Malikisi a sukulu ya pano amanyamula mbiri yonseyi.

P.S. 307 ili pa York Street pomwepo, moyang'anana ndi nyumbazi. Imatchedwa ndi dzina la Daniel Hale Williams, dokotala wachikuda amene mu 1891 anakhazikitsa chipatala cha Provident ku Chicago, ndipo mu 1893 anachita imodzi mwa maopaleshoni oyambirira opambana okhudza mtima. Sukuluyi inalandira thandizo lapadera la boma loti ilimbikitse sayansi, luso lamakono ndi masamu, ndipo imalandiranso ana ochokera kunja kwa malire ake. Tinafika ana ali pabwalo. Phokoso lawo linali lomwe lija tinamva ku Hicks Street: kuthamangitsana, kukanganirana mpira, kamtsikana kena kakulira chifukwa kagwa, mphunzitsi atagwada kukapukuta m'manja. Ambiri anali akuda ndi a Chilatino, apa ndi apo mzungu kapena mwana wa ku Asia. Kusuntha mzere pamapu n'kosavuta, koma sikukakamiza kholo lokhala ndi ndalama, lomwe likhoza kupita ku pulayiveti, ku sukulu za charter, kapena kusamuka kumene.

Pa sukulu imeneyi ndi pamene mtolankhani Nikole Hannah-Jones ndi mwamuna wake analowetsa mwana wawo wamkazi, ngakhale akanatha kumupezera malo kwina. Mu 2016 analemba nkhani yaitali mu The New York Times Magazine yofotokoza chisankho chimenecho, osabisa kuti m'banjamo munali mantha ndi kusiyana maganizo. Mfundo yake inali yakuti tsankho la m'sukulu silikhalapo chifukwa cha malamulo okha, limakhalaponso chifukwa cha zisankho za makolo abwinobwino, aliyense akungofunira mwana wake zabwino. Mbiri ikumuvomereza. Khoti lalikulu la America linaletsa tsankho la m'sukulu mu 1954 pa mlandu wa Brown v. Board of Education. Pa 3 Febuluwale 1964, ana opitirira 450,000 a mu New York sanapite kusukulu pa chionetsero chomwe anatsogolera m'busa Milton Galamison wa ku Brooklyn konkuno ndi Bayard Rustin, pofuna kuti sukulu zisakanizidwe. Patapita zaka 50, mu 2014, ofufuza a Civil Rights Project a pa yunivesite ya UCLA anapeza kuti chigawo cha New York ndicho chinali ndi sukulu zopatukana mitundu koposa m'dziko lonselo.

Tinakhala pabenchi pafupi ndi mpanda wa Navy Yard, mphepo ikulasa m'makutu. Mlongo wanga anati, "Achimwene, zonsezo ndamva. Koma ine ndinasiya kwathu kuti mwanayu apeze zomwe ife tinasowa. Ndimuike pa sukulu yomwe anzanga akuithawa, ndiye zikadzavuta ndidzamuuza chiyani?"

Funso limenelo si la munthu wodzikonda, ndipo sindinalipeputse. Sukulu yodzaza ndi ana osauka okhaokha imakumana ndi mavuto enieni. Aphunzitsi amasinthasintha kawirikawiri, ana ena amabwera atagona m'nyumba zongosungidwamo, ndipo mphunzitsi amagawa nthawi yake pa zosowa zambiri. Boma limawonjezera ndalama ku sukulu zotere kudzera mu ndondomeko ya Title I, yomwe inayamba mu 1965, ndipo kuyambira mu 2017 ana onse a m'sukulu za boma za mumzindawu amadya nkhomaliro yaulere. Komabe m'sukulu zina za m'madera olemera komiti ya makolo imasonkhanitsa madola opitirira miliyoni imodzi pachaka, n'kulipira othandizira aphunzitsi, nyimbo ndi zojambula, pamene kwina komiti imavutika kupeza ngakhale ndalama ya basi ya ulendo umodzi.

Koma palinso mbali ina yomwe nambala ija siyiona, ndipo imamukhudza mwana wathuyu mwachindunji. Kuno sadzamuona ngati Mchewa kapena mwana wa namwino. Adzamuona ngati mwana wakuda. Pa sukulu ya 9 akhoza kukhala yekha wa khungu lake m'kalasi, kumafunsidwa za tsitsi lake tsiku ndi tsiku, n'kukula akuganiza kuti anthu ofanana naye ntchito yawo ndi kudikira pachipata ndi kagaleta. Pa sukulu yosakanikirana amakhala ndi mnzake wa ku Dominican Republic, wa ku Bangladesh, wa ku Senegal, ndi mzungu wa pa DUMBO, ndipo amaphunzira adakali wamng'ono kuti nzeru ilibe mtundu. Katswiri wa zachuma Rucker Johnson wa pa yunivesite ya California ku Berkeley anatsatira miyoyo ya ana amene anaphunzira pa nthawi imene sukulu za America zinkasakanizidwa molamulidwa ndi makhoti. Anapeza kuti ana akuda anapita patali ndi sukulu, anadzalandira malipiro abwinopo ndiponso anakhala ndi thanzi labwinopo atakula, pamene ana a azungu sanataye kanthu. Mwana amene kunyumba kwake kuli mabuku ndi mayi womufunsa za homuweki amanyamula mwayi umenewo kulikonse kumene wapita.

Ndinamuuza kuti, "Achemwali, foniyo ikuuzeni kumene kuli sukulu, koma isakusankhireni. Pitani tsiku limene amalola makolo kuyendera. Mukaone ngati ana akulemba okha nkhani zawo kapena akungokopera. Mukafunse kuti aphunzitsi akhalapo zaka zingati, amaphunzitsa bwanji kuwerenga, amatani ndi mwana wothamanga ndiponso ndi wotsalira. Mukamve mmene ahedi amalankhulira ndi kholo losadziwa bwino Chingerezi. Mukapeza kuti ana sakuphunzira, chokanipo osachita manyazi, ngakhale sukuluyo ikhale yosakanikirana chotani. Koma mukapeza kuti akuphunzira, nambala yokha isakuthamangitseni."

Kholo limodzi silingakonze zimene mzinda wonse unapotoza, ndipo si chilungamo kusenzetsa mayi mmodzi katundu yense. N'chifukwa chake zimene anachita a chigawo choyandikana nacho cha District 15 n'zofunika. Mu 2018 anathetsa kusankha ana a sukulu zapakati potengera malikisi, ndipo anaika lamulo lakuti pa malo 52 mwa 100 alionse patsogole ana a mabanja osauka, ophunzira kumene Chingerezi ndi osowa pokhala pokhazikika. Malamulo akatero, kholo silikhalanso lokha pa chisankho chovuta, chifukwa sukulu zonse zimayamba kufanana ndi chigawo chomwe zilimo.

Pobwerera ku siteshoni ya York Street, mlongo wanga anandiuza zimene watsimikiza. Pafupi ndi kwawo pali sukulu ya boma yosakanikirana yomwe ankaidutsa osaiganizira chifukwa cha nambala yake. Akaiyendera, ndipo akakakhutira ndi za m'kalasi, aiika poyamba pamndandanda. Ndinamupempha chinthu chimodzi, chomwe makolo a ku Farragut anaphunzitsa aliyense amene anatchera khutu mu 2015: akalowe monga mlendo wopeza eni ake alipo, akhale pa misonkhano ya makolo, amve kaye asanayambe kukonza zinthu, ndipo chimene akapemphere mwana wake akachipemphere kalasi yonse. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mumzinda ngati New York mawu amenewa ali ndi ntchito yooneka, chifukwa kalasi imene mwana wa mnansi wako akuphunziramo ndi imene wakonso aphunziremo, ndipo singakomere mmodzi popanda kukomera onse.